M'ming'alu ya miyala ya ku Utah ndi ana athu awiri

Lachitatu, ku Goblin Valley

Ndikulemba nditakhala pakhomo pa tenti, tochi ili pamphumi, zala zitauma ndi chisanu. Masana kunali kofunda bwino, koma dzuwa litangolowa kwazizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni. Ana agona kale atavala majuzi awiriawiri.

Tanyamuka ku Salt Lake City, likulu la Utah kuno ku America, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Sukulu zapumira masiku ochepa mwezi uno wa Okutobala, ndiye ine ndi bambo awo tinapempha tchuthi kuntchito kuti tikwaniritse lonjezo lomwe tinawapatsa chaka chatha. Tadutsa ku Price, kenako ku Green River komwe tathira mafuta, kudzaza zigubu za madzi ndi kugula vwende, poti tauniyi imatchuka ndi mavwende. Kuchoka pamenepo mitengo yatha, kwatsala mchenga, miyala yofiira ndi msewu wowongoka. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 350.

Chimene tadzera kuno eni ake amachitcha slot canyon. Ndi khwawa, koma losiyana ndi makwawa akwathu. Madzi anakumba thanthwe mozama kwa zaka zosawerengeka osalikulitsa m'mbali, moti umayenda pansi pa mng'alu, makoma atatalika mbali zonse, thambo likuoneka ngati kansalu kakang'ono kumwamba. Ena amafuna zingwe ndi luso, ena mwana wa zaka 6 amayendamo ndi miyendo yake. Ife tasankha achiwiriwa. Tasankhanso Okutobala dala, chifukwa mvula ya mabingu kuno imavuta kwambiri kuyambira Julayi mpaka Seputembala, ndipo kutentha kwa miyezi imeneyo si kwa ana.

Madzulo tawamasula ana m'chigwa cha paki ya Goblin Valley. Muli miyala masauzande yooneka ngati bowa, ina ngati zulu za chiswe, ndipo amalola anthu kuyenda paliponse pakati pake. Mtsikana wanga wachisamba, wa zaka 11, ndi mlongo wake, mzime wathu, asewera chibisalirano mpaka mdima. Bambo awo sanaiwale mthiko. Tadya nsima ya usipa umene alamu anatibweretsera kuchokera kumudzi, nyenyezi zili mbee ngati usiku wa kwathu magetsi atazima.

Lachinayi, Little Wild Horse Canyon

Ntchito yanga yoyamba m'mawa inali kupita kuofesi ya paki kukaona zanyengo. Kuno a zanyengo amalengeza tsiku ndi tsiku ngati madzi angasefukire m'makwawa, ndipo lero anati sizikuyembekezeka. Ndinatulukabe panja n'kuyang'ana ndekha mbali zonse, makamaka kumtunda kumene khwawali limachokera. Kunalibe ndi kamtambo komwe.

Poyambira pake ndi makilomita 8 okha kuchokera pamene tagona. Mwana aliyense ananyamula kachikwama kake: botolo la madzi, juzi, buledi wopaka chiponde, ndi wezulo m'khosi. Madzi ambiri tinasenza akuluakulufe. Kuno amalangiza malita 4 pa munthu patsiku, ndipo sindinachepetse ngakhale kapu imodzi, ngakhale mapewa amadandaula.

Poyamba umayenda mumtsinje wouma, pamchenga, pakati pa mitengo ya cottonwood yomwe masamba ake achita chikasu. Kenako umafika pa thanthwe lomwe madzi amagwerapo ikagwa mvula, n'kulilambalala cha m'mbali. Patsogolo pang'ono njira imagawikana: kumanzere ndi Bell Canyon, kumanja ndi komwe timapita. Tangoyenda pang'ono, makoma anayamba kuyandikana, mphepo inazizira, mawu athu anayamba kubwerera okha. Mnyamata anaima n'kutambasula manja, dzanja lina khoma ili, lina khoma ilo.

"Amayi, phiri latseguka kuti tidutse!"

Kuyambira pamenepo sanafunenso kuyenda pambuyo. Ndi mwana yemwe kunyumba amapempha kubelekedwa tikangoyenda pang'ono popita kusitolo, koma lero anatsogolera maola awiri osadandaula. Ndaona kuti khwawa lotere limamukomera mwana chifukwa saona kutalika kwa ulendo. Amangoona pokhota pali patsogolo pake, ndipo akufuna adziwe chili kuseri. Akakhota, pali pokhota pena. Makomawo ndi osalala ngati mkati mwa mtondo wakale, ali ndi mizere yopindikapindika, pena maenje ang'onoang'ono ngati zisa za njuchi. Mtsikana anatifotokozera zimene anaphunzira kusukulu, kuti miyala yambiri ya kuno inali milu ya mchenga wouluzika ndi mphepo zaka zoposa 180 miliyoni zapitazo, ndipo kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo chomwe chili m'mwalamo.

Pali malo angapo pomwe mwala waukulu unagwa n'kutsekereza njira, wofika m'chiuno kapena pachifuwa. Tinagwirizana kachitidwe kake pamwala woyamba ndipo sitinasinthe: bambo awo amakwera kaye, ine ndimatsala pansi, mwana ali pakati pathu. Potsika, mwana ayang'ane mwala, atsike chafutambuyo, ndipo kudumpha ayi. Bondo likathyoka muno netiweki kulibe, galimoto silingafike. Lamulo lina tinaliika kwa tonse, ndi akulu omwe: usatsike pamene sungathe kukweranso.

Tili mkati mwenimweni, mtsikana analoza m'mwamba. Chipika chachikulu cha mtengo chinali chitapanikizika pakati pa makoma, patali kuposa denga la nyumba. Anafunsa kuti chinakafikako bwanji. Bambo awo anamuyankha mwachidule kuti madzi ndiwo anachisiya pamenepo. Anakhala chete, akuyeza ndi maso kuchokera pansi pomwe tinaima mpaka pachipikacho.

Ine ndinali ndikudziwa kale zomwe sindinafune kuwauza tili mkati. Mu Meyi 2020, m'khwawa lomweli limene aliyense amati ndi loyenera ana, madzi anabwera mwadzidzidzi n'kutenga ana aakazi awiri apachibale, wina wa zaka 7 wina wa zaka 3. Ndinawakumbukira pa phazi lililonse. Mwina mayi wawo nawonso ananyamula buledi ndi madzi monga ndanyamulira ine.

Ozungulira njira yonse, kulowera kuno n'kutulukira ku Bell Canyon, amayenda makilomita 13. Ife tinapangana tisanalowe kuti ikakwana 12 koloko tibwerera, kaya tafika pati. Inakwana tili pamalo pokongola, ana akupempha kuti tingoonako pokhota pamodzi pokha. Tinabwerera. Pobwerera khwawa lomwelo limaoneka lachilendo chifukwa dzuwa lasuntha, makoma omwe anali otuwa asanduka ofiira ngati makala a moto.

Lachisanu, panjira yopita ku Escalante

Lero linali tsiku la galimoto. Tadutsa ku Hanksville, n'kulowa mu Capitol Reef National Park, komwe taima ku Fruita pansi pa mitengo ya zipatso imene anthu a mpingo wa Mormon oyamba kukhala kumeneko anayamba kudzala m'zaka za m'ma 1880. Kuchokera ku Torrey tatenga msewu wa 12 wokwera Boulder Mountain mpaka mamita pafupifupi 2,900, mnyamata akudandaula makutu. Kupitirira tauni ya Boulder pali pena pomwe msewu umayenda pamsana pa thanthwe, phompho uku phompho uko. Bambo awo anazimitsa wailesi.

Ku Escalante tapita kuofesi yothandiza alendo kukafunsa za Peek-a-boo ndi Spooky, makwawa awiri amene mtsikana wakhala akuwatchula mwezi wonse. Mayi amene tinamupeza anatifotokozera njira modekha, anaonetsa ana chithunzi cha dothi lakuda la timatumphutumphu lomwe limamera m'chipululu muno. Ndi lamoyo, limagwira mchenga kuti usauluke, ndipo ukaliponda limatenga zaka zambiri kuti libwerere. Kenako anatiuza kuti mawa kukuyembekezeka mvula ya mabingu.

Loweruka, sitinapite

Kwacha kuli ngwee. Thambo loyera pamwamba pathu, dzuwa likuwala, mtsikana wavala kale nsapato. Koma chenjezo la a zanyengo linali lisanasinthe, ndipo kutali cha kumpoto, pamwamba pa mapiri, kunali mtambo umodzi wotuwa wokhala ngati ukufufuma.

Nditanena kuti lero sitilowa m'khwawa, mtsikana analira ndi mkwiyo.

"Amayi, onani kumwambaku! Mvula ili kuti? Mukungoopa basi."

Bambo awo anafuna kumudzudzula, ndinawagwira mkono. Mwanayo sanalakwe, ndinkaopadi. Ndinamutengera pabenchi n'kumuuza nkhani imene ndinali ndisanamuuzepo bwinobwino.

Ndinali ndi zaka 7 kwathu ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linatsitsa madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Anthu mazana angapo anapita tsiku limenelo. Chimene chinakhala m'mutu mwanga mpaka lero ndi phokoso. Linayamba ngati galimoto lalikulu lili kutali, n'kumakula, pansi pakunjenjemera. Agogo anati ndi Napolo, njoka yaikulu ya m'phiri, ikusamuka kupita kunyanja ya Chilwa, ndipo ikamadutsa siifunsa kuti pano pali mudzi. Nditakula ndinamva kufotokoza kwina, kwa mvula yochuluka ndi dothi lokhuta madzi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe, ndinakhala usiku wonse pafoni kuno ku America ndikufunsa za abale, phokoso lija lili m'makutu.

Ndinamuuza kuti kuno n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa thanthwe silimwa madzi. Mvula ikagwa pamapiri akutali, dontho lililonse limatsetsereka, timifuleni tonse timathira mumng'alu umodzi, ndipo iwe uli pansi pa mng'aluwo dzuwa likukuwalira. Pa 12 Ogasiti 1997 ku Lower Antelope Canyon, pafupi ndi Page ku Arizona, m'dera la mtundu wa a Navajo, alendo 11 anafa chotero. Pamalopo panangogwa timadontho, mvula yeniyeni inagwa makilomita angapo kumtunda. Mu Seputembala 2015 anthu 7 anafera mu Keyhole Canyon ku Zion National Park, muno mu Utah, ali ndi zingwe ndi zipangizo zonse. M'khwawa lopapatiza mulibe kothawira. Makoma omwe timasisita dzana aja, anawasalaza ndi madzi omwewo.

Sanayankhe. Anapita kukakhala m'galimoto yekha.

Cha m'ma 2 koloko kunada, mabingu anayamba, mvula inagwa ya mphindi mwina 40. Itakata tinayenda pang'ono kukaima pamalo okwera, pamwamba pa kamtsinje kouma komwe ana ankatolamo timiyala dzulo madzulo. Munali mukuthamanga madzi ofiira, olemera ngati phala, atanyamula nthambi ndi zinyalala, miyala ikugundana pansi pake gu gu gu. Fungo lake linali la dothi lonyowa. Mnyamata anandigwira chitenje. Mtsikana anayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwera n'kuima pafupi nane, phewa lake likukhudza langa.

Lamulungu

Tapuma kuti misewu iume. M'mawa tapemphera tokha patebulo la pamsasa, kenako tapita ku Escalante Petrified Forest State Park, pafupi pomwepa, kukaona zipika za mitengo yakale zomwe zinasanduka miyala. Mnyamata anagogoda chimodzi ndi chala kuti atsimikize.

Oyandikana nawo pamsasa ndi anyamata ndi atsikana anayi omwe amayanika zingwe, malamba ndi zisoti padzuwa. Mtsikana wanga anapita kukawafunsa mafunso, iwo anamulandira bwino. Anamufotokozera kuti makwawa amawapatsa manambala kuyambira 1 mpaka 4: woyamba ndi woyenda chabe, wachiwiri umakwera ndi manja, kuyambira wachitatu pamafunika chingwe chotsikira. Palinso zilembo A, B ndi C zonena kuchuluka kwa madzi. Anamuveka lamba, n'kumuonetsa mmene chingwe chimadutsira m'kachitsulo kogwira munthu potsika. Wabwera maso ali gwa, akuti chaka chamawa akufuna cha nambala 3. Bambo awo amuuza kuti zimenezo tidzayamba ndi mphunzitsi wodziwa ntchitoyo, osati kuonera pa YouTube, ndipo ine ndagwirizana nawo. Iwonso dzulo sanalowe m'khwawa lililonse. Zimenezi anazimva yekha kuchokera pakamwa pawo.

Lolemba, Peek-a-boo ndi Spooky

Chenjezo lachoka, kumwamba kwayera mbali zonse, ndipo kuofesi atiuza kuti msewu ukudutsika. Msewu wake ndi Hole-in-the-Rock, wotsata njira imene a Mormon anadutsa ndi ngolo zawo mu 1879 ndi 1880. Taupeza uli wafumbi, wa mizeremizere ngati malata, ndipo makilomita 42 ake atitengera nthawi yoposa ola, mano akugundana. Dera lonseli lili mu Grand Staircase-Escalante, malo otetezedwa kuyambira 1996.

Kuchoka poimika galimoto umatsika pathanthwe ndi pamchenga, ukutsata timilu ta miyala tosonyeza njira, mpaka kumtsinje wouma wa Dry Fork. Ana anayenda mosamala kupewa dothi lamoyo lija, akukumbutsana okha. Ndinawachenjezanso kuti asapise dzanja m'phanga lililonse, poti kuno kuli njoka zija zogwedeza mchira.

Khomo la Peek-a-boo lili m'mwamba. Uyenera kukwera khoma la mamita pafupifupi 4, loterera, lokhala ndi timaenje tosemedwa topondamo, ndipo lero pansi pake panali thamanda la madzi a dzana, ozizira ngati a mufiriji. Apa ndi pamene ndinaona kuti mawu oti "n'koyenera ana" amafunika kuwamva mosamala. Mwana wa zaka 6 sangakwere yekha pamenepa. Bambo awo anakwera, n'kuponya lamba wautali amene tinanyamula. Mtsikana anakwera mwamphamvu yekha. Mnyamata ndinamukankha kumatako mpaka bambo ake anamugwira mkono. Ine ndinakwera pomaliza, nsapato zonyowa zikuterereka, mtima ukugunda kukhosi.

Mkati mwake ndi mokongola moti tonse tinangoti kukamwa yasa. Madzi anaboola thanthwe n'kusiya timakomo tozungulira totsatizana, ukayang'ana pa kamodzi ukuona kena kuseri kwake, mwala wake wofiirira ngati mkati mwa papaya. Ana amakwawa, kutsetsereka, kubisalirana. Maenje ena anali ndi madzi ofika m'mawondo, mnyamata tinachita kumupatsirana m'manja.

Titatulukira kumtunda tinadya, n'kudutsa pamchenga kupita kumutu kwa Spooky. Anthu ambiri amakwera ndi Peek-a-boo n'kutsika ndi Spooky, chifukwa mkatimo anthu awiri sangapatukirane. Chapafupi ndi poyambira pali miyala yogumuka pomwe umatsikira pabowo lakuya kuposa msinkhu wa munthu. Tinayamba taunguza ngati tingathe kukweranso, bambo awo anatsika n'kukweranso kuti tione, kenako tinatsitsa ana mmodzimmodzi.

Kupitirira apo makoma amapanikiza zenizeni. Pena mpata wake ndi masentimita 25 okha. Zikwama tinavula n'kuzigwira m'manja, tikuyenda chammbali ngati nkhanu, chifuwa chikukhula khoma lina, msana lina. Kuwala kunachepa mpaka kukhala ngati chisisira. Bambo awo, omwe ndi a thupi ndithu, pena amachita kutulutsa mpweya wonse kuti adutse.

Mnyamata, yemwe thupi lake limadutsa mosavuta kuposa tonsefe, ndiye anaima.

"Amayi, ndikufuna kutuluka. Ndikufuna kutuluka pompano."

Mawu ake ananjenjemera. Sindikanatha kumunyamula, sindikanatha ngakhale kugwada. Ndinangotambasula dzanja kumbuyo n'kugwira lake. Ndinamuuza kuti kuopa si kulakwa, kuti nanenso malowa andipanikiza, ndipo tiwerenga mapazi monga amawerengera agogo ake nkhuku madzulo: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, n'kuyambiranso. Anayamba motsitsa. Mlongo wake kutsogolo analowererapo, kenako bambo awo ndi mawu awo aakulu, khwawa lonse likubweza Chichewa. Sindikudziwa kuti tinafika pa zisanu kangati. Makoma atayamba kutseguka, anandisiya dzanja n'kuthamangira kudzuwa, n'kukagona chagada pamchenga.

Ndikanati ndibwerezenso, ndikanamufotokozera bwino za mdimawo tisanalowe, ndipo ndikanamupatsa tochi m'manja. Ndinaganizira za madzi, za njoka, za kugwa, koma za mantha a mwana m'malo opanikiza sindinaziganizire mokwanira. Kwa amene mwana wawo amaopa mdima kapena chikepe cha m'nyumba zosanja, Peek-a-boo yekha ndi wokwanira.

Chitunda chobwerera kugalimoto chinali chowawa, dzuwa lili paliwombo, mthunzi palibe. Madzi aja amene mapewa amadandaula nawo tinamwa mpaka botolo lomaliza.

Lachiwiri, Willis Creek

Tapasula tenti m'mamawa n'kupita ku Cannonville, komwe tafunsa kaye za msewu wa Skutumpah. Ndi wa dothi la makande, ukanyowa ngakhale galimoto lamphamvu silikwera. Atiuza kuti wauma.

Ndikanadziwa, ulendo wonse tikanayambira kuno. Palibe chokwera, palibe chopanikiza. Ungotsika pang'ono kuchoka pamsewu, walowa kale pakati pa makoma achikasu okhala ndi mizere yakuda, ndipo pansi pakuyenda kamtsinje kosafika ndi m'kakolo momwe. Tinakumana ndi banja lina lili ndi khanda kumbuyo, ndi agogo awiri oyenda ndi ndodo. Mnyamata poyamba amadumpha kamtsinjeko kuti asanyowe, kenako anangolowamo ndi nsapato zomwe. Anamanga damu la timiyala, madzi n'kuligumula, iye n'kumanganso. Za dzulo sanazitchule, koma pamalo pomwe makoma anayandikana kwambiri anabwera yekha kudzandigwira dzanja, tinadutsa, n'kundisiyanso.

Mtsikana ndiye anasunga wotchi lero. Itakwana 11 koloko anati tibwerere, ulendo wa kunyumba ndi wautali.

Netiweki itabwerera panjira, mauthenga a WhatsApp analowa ambirimbiri. Tinaimbira amayi kumudzi, kwawo kuli usiku kale. Mnyamata anawauza kuti analowa m'mimba mwa phiri n'kuwerenga nkhuku zawo. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandifunsa ngati kumeneko kulibe Napolo. Ndinati aliko, tinamuona Loweruka tili patali. Anati tachita bwino kumupatsa njira. Kwawo akuti kwatentha kwambiri, mizere amaliza kuunga, chizimalupsa chinagwa sabata yatha, tsopano akungoyang'ana ku Michesi.